Magolovesi a Nankhoma

Chikhazikitsireni lamulo loti wodwala asakhudzidwe ndi dzanja losavala, nyumba iliyonse m'mudzi wa Chiwaula inkalandira magolovesi awiri okha patsiku. Nankhoma, yemwe anagwira unamwino zaka makumi atatu, ankawasamala ngati mchere wotsiriza. Amuna ake, a Likongwe, anali chigonere miyezi isanu atafa ziwalo, ndipo iye ankadziwa kuti wodwala wotere amafunika kumutembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda.

Magolovesi ankathera pa kusambitsa kwa m'mawa. Masana Nankhoma ankatembenuza amuna akewo ndi chitenje chopinda, kamakina kolondera kamene boma linaika pakhoma kakumuyang'ana ndi diso lake lofiira.

Lachinayi lina, a Likongwe anamuitana chapansipansi.

"Nankhoma, ndaiwala kufunda kwa manja anu."

"Kamakinaka kakandiona ndikukukhudzani, a boma abwera kudzakutengani, bambo. Kumene amapititsa odwalako ine sangandilole kulowa."

Anawanyowetsa milomo ndi thonje, n'kumawerenga mpweya wawo poyang'ana chifuwa. Mpweya unachepa, unayamba kudukiza, kenaka unaleka.

Kamakina kanalira kamodzi, n'kulengeza kuti m'nyumbamo mulibenso wodwala. Pamenepo Nankhoma anaika chikhatho chake patsaya la amuna ake, n'kukhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, osaitana aliyense.