A Saulosi Amabwera Masana

Kachipangizo koyezera mpweya kanayamba kulira Gracian Chimwaza asanavule n'komwe nsapato. Anakachotsa palamba n'kukayang'ana. Manambala ankakwera pang'onopang'ono.

"Musavule, achimwene, pansi pakuzizira," anatero eni nyumba, mayi Theresa Kamanga. "Ndikuikireni tiyi?"

"Tiyambe tatsegula mawindo, mayi."

Mayiwo sanasunthe. Gracian anatsegula yekha, mphepo yozizira ya Januwale wa kutsidya kwa nyanja kuno n'kukankha makatani.

Ntchito yake inali yoyenda m'mbuyo mwa anzake. Boma limatuma makontilakitala kukamata mipata yolowetsa mphepo m'nyumba za anthu opeza movutikira, kuti kutenthetsa nyumba kusamawalemere. Akamaliza, Gracian ankabwera kudzaona ngati agwira zolongosoka. Nyumba iyi ya m'tauni ya Lanham anamata ndi Mwamba, mkulu wina wa ku Lusaka amene anali atangotsegula kampani yake. Kumata anamatadi, mphepo inalibe polowera. Koma nyumba yotsekeka chonchi, utsi ukasowa njira umabwerera kwa eni ake.

Anatsikira kuchipinda chapansi kumene kunali thanki yotenthetsera madzi, yoyendera gasi. Anaika kagalasi pakamwa pa paipi yotulutsa utsi. Kagalasiko kanachita nthunzi nthawi yomweyo. Utsi sunkakwera kudenga, unkabwerera m'nyumba, ndipo mu utsi wotere mumakhala mpweya uja wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umagoneka munthu osadzukanso. Gracian anatseka gasi.

Lamulo la pulogalamu ya bomayi ndi lachidule: nyumba iliyonse yomatidwa iikidwe alamu yochenjeza za mpweyawu pafupi ndi chipinda chogona. Pachithunzi chimene Mwamba anatumiza ku ofesi, alamuyo inalipo, yoyera, pambali pa chitseko. Gracian anakwera n'kukaima pamalo omwewo. Anapeza timabowo ta misomali basi.

Chinyengo chimenechi ankachidziwa. Munthu amapachika alamu, kujambula, kuichotsa, n'kukaipachikanso nyumba yotsatira. Alamu imodzi imatha kuzungulira dera lonse.

"Mutu umakupwetekani, mayi?"

"Umapweteka. Nanga msinkhu uno."

"Chizungulire?"

"Pang'ono. Ndimagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba ku Rockville, ndiye ndimagona masana. Munthu wogona masana sadzuka bwino." Anakhala pampando n'kukonza chitenje chimene anamanga pamwamba pa buluku. "Koma masiku ano ndikugona mokoma. Sindili ndekha."

"Muli ndi alendi?"

"Ayi. Bambo a kuno."

Gracian anayang'ana chithunzi cha pakhoma. Panali bambo wa imvi, atavala jekete ya oyendetsa basi. Pansi pake analembapo dzina lakuti Saulosi Kamanga, chaka chobadwa ndi chaka chomwalira, chimene chinali chaka chatha.

"Thupi linapita lokha ku Ntcheu," anatero mayiwo. "Ampingo anasonkha, anachita bwino. Ine mapepala anga okhalira m'dziko lino sanalongosoke, ndikanatuluka sindikanabwereranso. Maliro a mwamuna wanga ndinaonera pafoni, achimwene. Akutsitsa bokosi, netiweki inaduka. Pobwerera anthu anali akudya."

Anayankhula mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa tomato.

"Chimatireni nyumbayi, amabwera. Ndikangogona, ndimamva bedi likutsika mbali yawo. Amakhala kumiyendo. Sanena zambiri. Dzana anandifunsa ngati ndatseka galimoto."

Gracian ankazidziwa zimenezi. Pa maphunziro a ntchitoyi anawauzapo kuti mpweyawu usanaphe munthu umayamba wamuonetsa zinthu: mapazi m'khonde, munthu pakhomo, mawu a omwe anapita. Anafuna kuwauza mayiwo. Umamuuza bwanji namfedwa kuti mwamuna amene wabwerera kwa iye ndi utsi wa thanki ya madzi? Koma akanachedwa sabata ina, ampingo akanasonkhanso.

Mkwiyo wake wonse unapita kwa Mwamba. Munthu wopemphera naye tchalitchi chimodzi, amene iye ankamutchula mwaulemu kuti mudala akakumana, kusiya mayi wamasiye m'nyumba yotere chifukwa cha kachipangizo kotchipa.

"Mayi, mverani," anatero Gracian. "Gasi ndatseka, ndipo musatsegule mpaka paipi ija itakonzedwa. Lero mupite kuchipatala akakuyezeni magazi. Ndikuperekezani ndine. M'nyumba muno muli mpweya woipa, ndipo zimene mukuonazi... Tikambirana panjira."

"Nanga a Mwamba?"

"Ntchito yawo ndailephetsa. Sanakuikireni alamu, anangojambula. Ndikuimbira ofesi pompano. M'pulogalamu muno achotsedwa, ndipo mwina nkhaniyi ikafika kukhoti."

Anatulutsa foni. Mayi Kamanga anadzuka mwakachetechete n'kugwira dzanja lake. Zala zawo zinali zozizira.

"Musamuphere ntchito mwana wa eni ake. Alamu anaika, ndipo wakhala akugogoda pano kuti akonze paipiyo, ine osamutsegulira. Zaka zonsezi ndikusamala odwala, mukuganiza kuti sindikudziwa chimene ndikupuma?" Anayang'ana kuchitseko cha kuchipinda. "Ndinaichotsa ndekha. Inkati ikalira ine n'kudzidzimuka, bambo a kuno n'kunyamuka."