Kabokosi Kamene Zatheka Sanachotse

Panali munthu wina, katswiri wa makompyuta pa fakitale yosoka zovala, amene anzake ankangomutchula kuti Zatheka. Ukamufunsa chilichonse, usanamalize n'kulankhula komwe, iye anali atayankha kale kuti "zatheka." Ntchito ankaidziwa, koma khutu linali la chikumba.

Chaka china kampani inasamutsa mafayilo a antchito n'kuwaika m'nkhokwe ya pa intaneti. Fayilo ya munthu aliyense inali ndi timabokosi: ka dzina, ka ntchito yake, ka tsiku limene kontrakiti ikutha, ndi kena kamene ankalembamo anamwino a pa kachipatala ka fakitale. Zatheka anaikanso malo ofufuzira. Makina ankawerenga mawu a m'timabokosi tonse n'kupanga kalozera, moti ukalemba mawu amodzi, mayina a anthu amene mawuwo ali m'fayilo mwawo ankatuluka ndondondo.

Anamwino, mayi odekha, anabwera ku ofesi kwake.

"Achimwene, kabokosi kanga kaja mukachotse pa zofufuzazo. Anthu amandiuza zam'kati."

"Mayi, musadandaule. Kabokosi kanu ndakakhoma, kotsegula ndi inu nokha."

"Kukhoma mwakhoma, nanga kalozerayo sakawerenga?"

"Zatheka, mayi, zatheka. Ndikachotsa mawa."

Mawa lake anatanganidwa ndi kuonetsera luso lake kwa bwana woona za antchito. "Lembani mawu aliwonse, bwana, makinawa sabisa kanthu!" anatero akudziguguda pachifuwa. Bwanayo anayesa mawu angapo, n'kumwetulira. Pempho la anamwino Zatheka analiponyera kunkhongo.

Tsono pa fakitale yomweyo pankagwira ntchito mlongo wake wamng'ono, telala wa pa mzere wa makolala. Ntchitoyo anamupezera ndi Zatheka yemweyo, ndipo ndi imene inkadyetsa pakhomo chifukwa mwamuna wa mlongoyo anali pa ulova. Mlongoyo anali woyembekezera. Mimba ina m'mbuyomo inapita padera, ndiye ulendo uno sanauze aliyense, ngakhale mayi awo omubereka. Anauza anamwino okha, nawonso analemba m'kabokosi kawo kokhoma.

Nthawi yowonjezera makontrakiti itakwana, matelala ambiri anasainanso. Mlongo wake ndi amayi ena ochepa anauzidwa kuti ntchito yachepa. Atakumana pa geti n'kuyang'anana, sanachedwe kuzindikira chimene chinawasonkhanitsa: onse anali oyembekezera.

Mlongo wa Zatheka analunjika ku kachipatala, misozi ili chuchuchu.

"Inu mayi, ndinakukhulupirirani ngati mayi anga! Mwandigulitsa kwa mabwana?"

"Mwana wanga, ine sindinauze munthu."

"Ndiye anauzidwa ndi mphepo?"

Anawanyoza pamaso pa odwala. Kuyambira tsiku limenelo antchito analeka kupita ku kachipatalako, ankati kuli mayi apakamwa. Anamwino ankangokhala okha pa benchi, akupinda mabandeji opinda kale.

Nkhaniyo inamufika Zatheka. Anatseka chitseko cha ofesi n'kutsegula mbiri ya zimene anthu afufuza. Anapeza kuti bwana uja analemba mawu amodzi okha: woyembekezera. Kabokosi ka anamwino sanakatsegule, sakanatha n'komwe. Koma kalozera anamupatsa mayina onse, ndipo dzina la mlongo wake linali pamwamba.

Kenako anadina pamene anayenera kudina kalekale, n'kuuza makina kuti apangenso kalozera popanda kabokosi ka anamwino. Tiyi amene anali pa tebulo asanazizire, ntchito yonse inali itatha. Zimenezi ndi zimene zinamupweteka kwambiri.

Anapita kwa mkulu wa kampani ndi umboni. Mkuluyo anati aiona nkhaniyo, koma pa makina osokera a mlongo wa Zatheka panali patakhala kale munthu wina. Chakudya chinayamba kumukanika Zatheka. Akadutsa pa kachipatala ankayang'ana pansi ngati wataya singano. Mawu akuti "zatheka" sanamvekenso pakamwa pake.

Loweruka anapita kwa mlongo wake. Anamupeza akusokerera mabatani pa malaya a anthu oyandikana nawo nyumba, ketulo ili pamoto.

"Achemwali, anamwino aja sanalakwe. Ndine."

Anafotokoza zonse, osabisa kuti anachenjezedwa. Mlongoyo anamvetsera singano ili m'manja.

"Ndiye anakuuzani?"

"Anandiuza."

"Inali ntchito yaikulu, achimwene? Mwina inkafuna masabata?"

Zatheka anafuna kunama, koma lilime linakana. "Ayi. Ketulo yanuyo isanawire ndikanamaliza."

Mlongoyo anayang'ana ketuloyo kwa nthawi. Kenako anaiphula, n'kutenga mpango wake.

"Nyamukani. Ntchito yanga simungaibweze, koma mayi aja ndinawanyoza pagulu chifukwa cha inu. Lolemba mukaima pakati pa matelala onse n'kunena zimene mwandiuzazi. Lero tiyambe ndi kunyumba kwawo."

Anayenda njira yonse mlongo patsogolo, Zatheka pambuyo. Anamwino atatsegula chitseko n'kuwaona, sanafunse kuti abwerera chiyani. Anagwira mlongoyo pa mkono n'kumufunsa kuti, "Mwana wanga, kusikelo ukupita?"

Zatheka analira ngati mwana pakhonde pomwepo.

Phunziro: Kukhoma chitseko sikuthandiza ngati zenera lili pululu. Inu amene mumasunga zinsinsi za anthu m'makompyuta, si kabokosi kalikonse koyenera kulowa m'kalozera wa zofufuza. Za matenda, za mimba ndi za m'banja zichotseni lero, osati mawa, pakuti madzi akatayika saoleka. Ndipo wina akakutsinani khutu, imvani, ngakhale makinawo mukuwadziwa kuposa iye. Tumizirani ena uthengawu, makamaka Zatheka wa ku ofesi kwanu.