Ndowe Zaulere Zinatha Tomato wa Apongozi

Panali munthu wina kwathu kuno ku Mildura, dzina lake Carmelo, wokonda zaulere moti atamva kuti akugawa chimfine akhoza kukaima pamzere. Nkhani iyi ndi yoona abale, wandiuza ndi msuweni wa mneba wake.

Apongozi ake aamuna, a Pasquale, anali ndi mbewu ya tomato ya makolo awo, yosapezeka m'sitolo iliyonse. Tomato wake wamkulu ngati mutu wa khanda! Chaka chino msana unawakana akuluwo, ndiye anapereka kabotolo ka njere kwa mkamwini kuti alime ndiye.

"Mkamwini, ndi zokhazi padziko lonse. Mwamva?"

"Aaa bambo, mukulankhula ndi katswiri!"

Katswiri uja anafesa njere zonse, osasiya ndi imodzi yomwe, akuti apongozi aone. Chisanu chitatha mu Seputembala anatipula dimba lonse kuseri kwa nyumba, kungotsala manyowa.

Tsiku lina pamsewu anakumana ndi munthu wachilendo ali ndi ngolo yodzaza ndowe za akavalo.

"Bwana, zaulere izi! Zowolerana, zakuda ngati keke. Ndikatsitse kuti?"

Carmelo mano onse panja. Anamutsogolera mpaka kunyumba, akuimba hutala ya galimoto yake njira yonse ngati wabwera ndi mkwatibwi.

Mkazi wake, mayi Nunzia, anatuluka atagwira mphuno.

"Bambo a Gina, munthuyu mukumudziwa? Akavalo ake amadya udzu wakuti? Yambani mwadzala nyemba m'chitini ndi manyowawo, tione ngati zimere bwino. Anzanu onse amatero."

Carmelo anagwira m'chiuno n'kuchepetsa mawu. "'Yambani mwadzala nyembaaa!' Mayi inu, ndowe ndi ndowe. Ndiziyeze magazi kodi?"

Anazisakaniza ndi dothi m'dimba monse, n'kuwokera mbande zake zonse.

Sipanapite nthawi, mayo ine! Masamba onse anapiringizika ngati dzanja la munthu woumira. Anathirira madzi, ayi ndithu. Anaziimbira nyimbo, ayi ndithu. Anazigwadira n'kuzitchula kuti ana anga, koma zinangopinda makosi n'kugona pansi.

Mneba wake, a Stavros, anasuzumira pampanda n'kugwira pakamwa.

"Achimwene, mwatha! Akavalo amenewo anadya udzu wopoperedwa mankhwala ophera zitsamba. Mankhwalawo amatuluka m'ndowe ali ndi mphamvu. Pano tomato sadzamera chaka chino, mwina ndi chamawa chomwe!"

"Mukunama a Stavros!"

"Ndiname chifukwa chiyani? Mukuganiza kuti anakupatsani chifukwa cha nkhope yanuyo? Amasowa kotaya!"

Carmelo anathamangira kumsewu ndi nsapato imodzi. Munthu uja zii. Dzina sakulidziwa, kwawo sakukudziwa, amangodziwa fungo.

Lamulungu lake a Pasquale anabwera ndi ndodo yawo kudzaona dimba. Carmelo anakabisala m'bafa, mayi Nunzia anakamutulutsa ndi tsache. Akuluwo anayang'ana dimba, anayang'ana mkamwini, anayang'ananso dimba.

"Zimachitika mkamwini. Njere zotsala zili kuti?"

"Zotsala... bambo, tiyeni tikamwe kaye khofi."

"Ndati zili kuti?"

Carmelo analoza pansi.

A Pasquale, munthu amene sanalire ngakhale pamaliro a mchimwene wawo, anakhala pansi pa ndowe zomwezo n'kubuma. Agalu a mzere wonse anayankha.

"Mbewu iyi inapulumuka nkhondo! Bambo anga anaisokerera m'chipewa, inaoloka nyanja, yadyetsa ana ndi zidzukulu. Lero yaphedwa ndi matuvi a kavalo wosadziwika!"

Mpaka pano sanamulankhulenso. Akafuna mchere patebulo amati, "Nunzia, uza kavalo wakoyo."

Phunziro: Manyowa ochokera kwa munthu wosamudziwa yambani mwawayesa ndi nyemba m'chitini, ndipo mbewu ya makolo musafese yonse. Akazi anu akamayankhula tsegulani makutu. Tumizirani anzanu onse olima madimba, makamaka uja wokonda zaulere, mukumudziwa!