Mkono Wonenepa

Tepi yoyezera ya namwino itazungulira mkono wa mayi wodwala, pamwamba pa kapaipi ka mankhwala kamene madokotala analowetsa mumtsempha, mwamuna wa mayiyo anamwetulira.

"Mwaonatu, asisitala? Mayi akunyumbawa ayamba kunenepa. Bulauzi ikuchita kuthina."

"Kunenepa mkono umodzi ngati nkhanu?" mkazi wake anaseka, kenaka anatsokomola.

Namwino sanaseke nawo. Anayezanso pa kadontho ka inki kosonyeza malo oyezera, n'kupita ku mkono wamanzere. Kumeneko tepi inakumana msanga. Anabwerera kumanja, nakhudza khungu ndi kuseri kwa dzanja lake. Linali lotentha, lonyezimira.

"Mayi, musaugwedeze, ndikukaitana adokotala. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo oundanawo akasuntha amathamangira kumapapo." Atafika pakhomo anacheuka. "Palibe amene wakhala akuutikita mkonowu, eti?"

Mkaziyo anayang'ana kudenga.

Bamboyo analowetsa manja m'matumba pang'onopang'ono. Zala zake zinali zikununkhirabe mafuta amene anamutikita nawo m'mawa womwewo, mwamphamvu ndithu, mpaka mkazi wake atanena kuti ululu wachepa.