Sopo Amene Anadya Zala za Mkwatibwi

Panali mtsikana wina wa ku Sinda, dzina lake Winfrida, ndipo amene wandiuza nkhaniyi analipo pa ukwati wake. Werengani mpaka kumapeto anthuni!

Winfrida anali wochangamuka. Azimayi a kumpingo kwawo ataitana Amayi Adelina a ku Katete kuti adzawaphunzitse kupanga sopo wamadzi wotsukira mbale, iye anakhala kutsogolo kwenikweni. Amayi Adelina anathira mafuta ophikira m'botolo la madzi n'kukhutchumula. Mafuta anayandama. Anadonthezamo sopo n'kukhutchumulanso, zonse n'kusakanikirana ngati mkaka. Azimayi anaomba m'manja.

"Mwaona?" anatero Amayi Adelina. "Madzi ndi mafuta sizimvana. Koma tizidutswa ta sopo tili ngati mbululu. Mchira umakakamira mafuta, mutu umakakamira madzi. Mukatsukuluza, madzi amakoka mitu ija, mafuta n'kupita nawo. Mwini ntchitoyi ndi asidi uyu wa salifoniki. Kositiki soda ndi wongoziziritsa ukali wa asidiyo basi. Mukapyola muyeso, soda wotsalayo amadya khungu. Valani magolovesi, ndipo mukamaliza viikani kapepala aka. Kakabiriwira, sopo ali bwino. Kakachita buluu woderako, musayerekeze."

Winfrida anapita kwawo akudumphadumpha. Ukwati wake ndi mnyamata wina dzina lake Luka unali pafupi, ndipo anauza aliyense kuti mbale zonse za pa ukwatiwo zidzatsukidwa ndi sopo wa manja ake.

Anakagula zipangizo ku Katete. Pobwerera, m'minibasi anakhala ndi bambo wina wa jekete lachikopa, amene anasuzumira m'chikwama chake.

"Sisita, mupanga sopo? Ine n'nasebenzako ku fakitale ku Lusaka. Aja okuphunzitsani amabisa chinsinsi. Soda ikani dabo, miyeso iwiri, sopo izankhala na pawa!"

"Nanga kapepala koyesera kaja?"

"Aaa, tumapepala n'twa ana a sukulu. Gwirani chabe na chala. Ikaterera maningi, ndiye kuti yapsa."

Winfrida anaona ngati watola mwayi. Atafika kunyumba anathira soda mosayeza, n'kuwonjezeranso wina kuti asalakwe. Anagwira ndi chala. Kuterera kwake! Anathiramo utoto wobiriwira ndi fungo la mandimu, n'kuvina yekha pakhonde. Kapepala sanakakhudze n'komwe.

Litatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, azimayi a mbali zonse ziwiri anasonkhana kudzatsuka mbale ndi mapoto akuluakulu obwereka kumpingo. Pakati pawo panali Amayi Dinnah, mayi ake a Luka. Winfrida anatulutsa chigubu chake monyadira. Poyamba kunali nthungululu, chifukwa mafuta ankachoka ngati akuthawa.

Posakhalitsa mayi wina anaima. "Kodi ndine ndekha? Manjawa akundiwotcha ngati ndagwira tsabola."

"Inenso!" anatero wina. "Ndipo taonani potoyu, akuda m'malo moyera!"

Amayi Dinnah anayang'ana zikhato zawo zofiira. "Mwana wanga, sopoyu mwathiramo chiyani?"

Manyazi anamugwira Winfrida. Kuvomera kulakwa pamaso pa apongozi, ukwati uli mawa? Anaseka mokakamiza.

"Amayi, ndi wamphamvu chabe, simunamuzolowere. Taonani ine."

Anadzithira sopo wosasungunula m'manja monse, n'kuyamba kukwecha poto. Ululu unayamba, iye n'kulimba mtima, kumwetulira kuli pakamwa. Anakwecha, anakwecha, mpaka anangoponya poto uko n'kukuwa. Zala zonse zinali zitayera mbuu, khungu likusupuka. Azimayi anamuthira madzi ndowa ndi ndowa, kenaka anamukweza njinga yamoto wa kuchipatala.

Amayi Adelina, amene anabwera kudzathandiza kuphika, anaviika kapepala m'chigubu chija. Nthawi yomweyo kanachita buluu wakuda bii. Anamutsatira Winfrida kuchipatala.

"Winfrida mwana wanga, kuterera kuja sikunali kupsa kwa sopo. Linali khungu lako likusungunuka. Anakuuza zimenezi ndani?"

"Bambo wina wa m'minibasi."

"Dzina lake?"

Winfrida anangogwetsa misozi. Ngakhale dzina sanamufunse.

M'mawa mwake tchalitchi chinadzaza. Mkwatibwi analowa atatchena, diresi loyera, velo loyera, manja onse awiri ali m'mabandeji ngati womenya nkhonya. Maluwa anamunyamulira wina. Itakwana nthawi, abusa anati, "A Luka, avekeni mphete."

Luka ananyamula dzanja lamanzere. Chala palibe, bandeji yokhayokha. Ananyamula lamanja. Palibenso. Anayang'ana abusa, abusa anayang'ana kudenga. Kumbuyo ena ankaluma mipango kuti asaphulike nako kuseka. Pamenepo Amayi Dinnah anaimirira, manja awo ali mankhwala okhaokha, n'kumasula kansalu ka pa maluwa. Luka analowetsamo mphete ija n'kumumangirira mkazi wake m'khosi.

"Mwalowa m'banja lathu ndithu," ananong'ona Amayi Dinnah, "koma mbale muyambe mwapuma."

Phunziro: Sopo amatsuka chifukwa cha muyeso wolondola, osati ukali. Amene wakuphunzitsa poyera n'kukuonetsa ndi maso usamusinthanitse ndi mlendo wa "chinsinsi" amene sudziwa n'komwe kwawo. Ndipo ukaona kuti walakwa, vomera msanga manyazi asanakudyere zala. Tumizani kwa onse opanga sopo m'magulu mwanu, mupulumutse manja a wina lero!