Msomali wa m'paipi ya mabuleki

Panali munthu wina ku Chipata dzina lake Matiyasi, yemwe anali ndi kawagoni koyera komwe banja lonse linkadalira. Mkazi wake, Elesi, nayenso ankayendetsa, makamaka popereka mwana wawo Mwayi kusukulu. Matiyasi anali mmodzi wa amuna aja oti akangogula masipanala amadziona ngati makanika. Kugalaja ankati n'kwa anthu aulesi.

Tsiku lina tayala lakumbuyo linayamba kudontha mafuta a mabuleki. Mlamu wake Howard, mchimwene wa Elesi, anali makanika weniweni ndipo anasuzumira pansi pa galimotoyo.

"Alamu, silinda yatha iyi," anatero Howard. "Muibweretse Loweruka tisinthe. Mabuleki si wailesi yoti mungamasule n'kumayesa."

Matiyasi anavomera pakamwa pokha. Mawa lake ali ku Mwami anadandaulira dalaivala wina wa thiraki, munthu yemwe sankamudziwa n'dzina lomwe.

"Aa, bwana, zing'onozing'ono izo," anatero dalaivalayo. "Masulani paipi, mukhomemo msomali, mumangenso. Tayala limodzi likafa, atatu otsalawo amagwira. Amakanika angokudyerani."

Matiyasi anakachitadi zomwezo kuseri kwa nyumba. Kudontha kunachepa koma sikunathe, choncho m'mawa uliwonse ankathiramo mafuta mobisa, ndipo pamtsetse ankapopa buleki kawirikawiri kuti igwire. Elesi atafunsa, anamunamiza maso ali gwa.

"Atate a Mwayi, mabuleki aja anakonzedwa?"

"Kalekale. Usavutitse achimwene ako."

Manyazi basi. Sankafuna kuti mlamu wake amve kuti wakhoma msomali m'galimoto yonyamula mlongo wa mlamuyo.

Kenaka kunagwa maliro ku Katete. Matiyasi anapita pa basi n'kukakhalako masiku angapo, makiyi atasiya pakhomo. Za mafuta sanauze munthu. Elesi ankayendetsa monga mwa nthawi zonse, mpaka m'mawa wina, akutsetsereka kulowa m'tauni mvula ikuwaza, anaponda buleki phazi n'kungofika pansi. Kutsogolo kunali lole ya simenti itaima. Elesi anathyoka mwendo. Mwayi, yemwe anakhala kutsogolo atavala yunifolomu yake, anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Chowawa kwambiri n'chimene chinatsatira. Elesi ankalira usana ndi usiku kuti, "Ndapha mwana wanga ndi manja anga." Achibale a mwamuna ankanong'onezana kuti akazi n'chiwongolero n'zosayenderana. Matiyasi ankamva zonsezi, koma ankangomusisita mkazi wake pamsana n'kumati, "Zinalembedwa, usadziimbe mlandu." Munthu woipa mtima chonchi ndi wosowa.

Patapita mwezi, Howard anakatenga chigoba cha galimotoyo kuti achotsemo zimene zingagulitsidwe. Atamasula paipi yakumbuyo, msomali wadzimbiri unagwera m'dzanja lake. Anapita nawo kunyumba kwa mlongo wake, napeza onse awiri ali pakhonde.

"Alamu, ichi chinalowa bwanji m'mabuleki?"

Matiyasi anayang'ana pansi. Elesi anauyang'ana msomaliwo nthawi yaitali, Howard akumufotokozera ntchito imene unkagwira m'paipimo. Elesi sanakuwe ndipo sanatukwane. Anatenga ndodo yake yoyendera n'kuimirira movutikira.

"Za msomali mwina ndikanadzakhululuka," anatero. "Koma mwezi wathunthu mwakhala mukundiona ndikudzitcha wakupha mwana, inu mukudziwa."

Tsiku lomwelo Howard anamutengera Elesi kwawo ku Madzimoyo. Ankhoswe anayesa kupitako, koma Elesi anawauza kuti mwamuna amene akumunenayo sakumudziwa.

Phunziro: Mabuleki, chiwongolero ndi matayala si zophunzirirapo umakanika, ndipo nzeru za munthu wongokumana naye pamsewu sizidzabwera pamaliro anu. Ngati mwagwira china chake m'galimoto, uzani aliyense amene amaiyendetsa, manyazi asakuphetseni mwana. Musangowerenga n'kusunga, tumizirani abale ndi anzanu onse amene ali ndi masipanala m'buti.