Chikwama Pakampando

"Masulani chingwecho, bambo ake! Mwana si thumba la simenti!"

Bamboyo, dalaivala wa lole wozolowera kumanga katundu, anali atanjata kampando katsopano ka mwana wawo kumbuyo kwa galimoto ndi mfundo zisanu. Mkazi wake anayang'ananso wotchi. Belu la kusukulu linali pafupi kulira.

"Pepalali likuti lamba wa galimoto ndi amene amagwira mwana," anapitiriza mayiyo. "Adutse paphewa, osati pakhosi. Wam'munsiyu pantchafu, osati pamimba."

Bamboyo anamasula akung'ung'udza. Mwanayo, atatopa ndi kukwezedwa n'kutsitsidwa, anathawira m'nyumba, ndiye makolowo anayesera lambayo pachikwama chake cha mabuku. Anakokera uku, anakokera uko, mpaka kachitsulo kanalowa m'malo mwake.

"Gwedezani muone, mayi ake," anatero bamboyo monyada, akupukuta thukuta.

Analowa mothamanga, galimoto n'kuliza, ulendo. Atafika pamphambano, mayiyo anapumira m'mwamba.

"Mwaona? Lero mwana sakuvuta n'komwe."

Anacheuka. Pakampandopo panali chikwama chokha, chili phee, lamba atachigwira bwinobwino.